Sitachi wa chinangwa akamabwezedwa ku fakitale: pomwe pamalakwika ndi makonzedwe ake

Amene anayesapo kugulitsa sitachi wa chinangwa kwa opanga makatoni, opanga mapulayi kapena oluka nsalu, vuto ili amalidziwa. Matumba oyamba, aja otumiza kuti akangoona, amalandiridwa ndi manja awiri. Ulendo wachiwiri pamabwera kadandaulo. Wachitatu katundu amabwerera pa lole yomwe inamutenga, ati ndi wotuwa, akununkha kusasa, kapena guluu wake akukana kugwira. Chinangwa ndi cha mtundu womwewo, antchito ndi omwe aja, makina sanasinthe, koma thumba la lero likusiyana ndi la mwezi watha.

M'mayiko amene sakhudza nyanja yamchere nkhaniyi imawawa kwambiri. Bungwe la United Nations limawerenga mayiko 32 otere amene akutukuka kumene, ndipo 16 mwa iwo ali mu Africa. Ena mwa iwo, monga Uganda, Rwanda, Burundi, Zambia, Paraguay ndi Laos, amalima chinangwa chochuluka. Sitachi wochokera ku Thailand, dziko limene limatsogola pogulitsa sitachi wa chinangwa kunja, kuti afike pa fakitale ya ku Kampala ayenera kutsitsidwa pa doko la Mombasa, ayende pamsewu makilomita oposa 1,000, adikirenso pa chipata cha dziko. Ndalama zonse za ulendowo ndiye mpata wa wopanga sitachi wa m'dzikomo. Komatu mwini fakitale amalolera kulipira zambiri pa thumba limene akulidziwa kale, kusiyana ndi kuimitsa makina tsiku lonse chifukwa guluu wasanduka madzi. Iye akufuna kuti thumba lililonse lichite chimodzimodzi ndi linzake.

Ambiri akabwezeredwa katundu amathamangira kuloza chala kayanikidwe, poti chilema chimaonekera pamenepo. Ine ndimati yambani mwafunsa za nthawi. Sitachi wambiri amakhala ataonongeka kale asanafike pa choyanikira, m'maola a pakati pa kukumba chinangwa ndi kudikha kwa sitachi pansi pa thanki mizu itagayidwa n'kusefedwa.

Chinakumbidwa liti?

Chinangwa sichipirira monga mbatata kapena chilazi. Mzu ukangodulidwa ku tsinde, pakadutsa maola 24 mpaka 72 wayamba kuonongeka. Tengani mizu ingapo pa mulu, muidule pakati ndi mpeni. Mukaona timizere tabuluu kapena takuda tozungulira chakufupi ndi khungu, dziwani kuti mwachedwa. Timizereti sitichokera ku matenda. Mzu umakhala ukuyesa kupoletsa bala lake, ndipo mankhwala ena a m'kati mwake, makamaka otchedwa scopoletin, amada akakumana ndi mpweya. Kudako kumalowa m'madzi ogayira n'kukamata pa sitachi. Pakapita masiku ena, tizilombo toola timalowerapo n'kumaliza zonse.

Mankhwala ake ndi amodzi: chinangwa chigayidwe tsiku lomwe chakumbidwa, chikachedwetsa mawa lake m'mawa. Izi zimafuna kuti kukumba kutsate mphamvu ya makina. Ngati makina anu amagaya matani 2 pa tsiku, musalole alimi kubweretsa matani 10 Lolemba chifukwa choti lole inapezeka tsiku limenelo. Gawanani masiku, ndipo katundu aliyense akafika lembani tsiku ndi ola limene anakumbidwa. Mizu yotemedwa ndi khasu kapena yothyoka imaonongeka msanga kuposa yathunthu, choncho iyambe kugayidwa ndiyo. Mulu usakhale padzuwa.

Apa ndi pamene kutalika kwa misewu kumatigwira pakhosi. Mzu wauwisi, magawo 60 mpaka 65 pa 100 alionse ndi madzi, ndipo kuti mupeze tani imodzi ya sitachi wouma pamafunika matani 4 kapena 5 a mizu. Lole yonyamula chinangwa chachiwisi mtunda wautali kwenikweni yanyamula madzi, pa mafuta amene nawonso anachokera ku doko, ndipo pofika mizu yada. N'chifukwa chake ndimaona kuti makina ang'onoang'ono oikidwa pafupi ndi minda amaposa fakitale imodzi yaikulu yoikidwa m'tauni, pokhapokha ngati minda yaizungulira. Chouma ndicho chiyende ulendo wautali.

Ena amadula mitengo ya chinangwa masabata awiri kapena atatu asanakumbe. N'zoona kuti mizu yotere imachedwa kuda, koma sitachi wake amatsika chifukwa chomera chimayamba kudya nkhokwe yake kuti chiphukenso. Ngati mumagula potengera kuchuluka kwa sitachi, njirayi imakudyerani phindu.

Akakhala wotuwa, wabuluu kapena wamathothomathotho

Sitachi wabwino amayera mbee. Mwatsimikiza kuti mizu inali yatsopano koma akutulukabe wotuwa mopita ku buluu, yang'anani zitsulo. Chinangwa, makamaka chowawa, chikagayidwa chimatulutsa poizoni wa cyanide, ndipo iyeyu akakumana ndi chitsulo wamba amapanga utoto wabuluu. Mano a makina ogayira, mipope, migolo yodula pakati imene ambiri amaisandutsa mathanki, ngakhale fosholo yofukulira, zonse zikhoza kukhala gwero. Paliponse pamene phala la chinangwa limakhudza pakhale chitsulo chosachita dzimbiri, pulasitiki, thabwa kapena thanki ya simenti yomata matayilosi. Ndalama zikakhala zochepa, yambani ndi mano a makina ndi thanki yodikhitsira, chifukwa m'menemo ndi momwe madzi apoizoni amakhalitsa.

Madzi enieniwo amathanso kukhala ndi chitsulo, makamaka a m'mijigo ina. Tungani m'chidebe choyera, musiye osavundikira mpaka m'mawa. Akasanduka ofiirira kapena pansi pakakhala tinsenga tofiira, madziwo ndiwo akudetsa katundu wanu. Apumitseni m'thanki ina tsiku lathunthu, muwasefe pa mchenga, kenako muwagwiritse ntchito. Madzi a mumtsinje nyengo ya mvula, odzaza dothi, musawayandikize n'komwe. Ntchito ya sitachi imamwa madzi ambiri zedi, ndipo amene akumanga malo ake asanatsimikize za madzi oyera a chaka chonse akudziikira msampha.

Timathotho tofiirira timachokera kuwiri. Kawirikawiri ndi kakhungu kakunja kosasendeka bwino, kapena nsalu yosefera imene yang'ambika pakona n'kumalowetsa gaga. Ikwezeni nsaluyo kudzuwa tsiku lililonse musanayambe, kabowo kamaonekera pompo. Gwero lina ndi matenda a mizere yofiirira, amene amaumitsa mbali zina za mzu n'kuzisiya zolimba, zofiirira, zopanda sitachi. Matendawa anadziwika koyamba ku Tanzania m'chaka cha 1936, ndipo kuyambira cha m'ma 2004 anafalikira ku Uganda ndi mayiko ozungulira nyanja zikuluzikulu za kumeneko. Choipa chake n'chakuti kunja mzu umatha kuoneka wabwinobwino. Osenda aphunzitsidwe kudula mzu uliwonse wokayikitsa ndi kutaya mbali zodwala. Munda umene ukutulutsa mizu yambiri yotere usaperekenso mbewu.

Palinso matope achikasu amene amakhala pamwamba sitachi akadikha. Amenewa ndi timadzi ta mzu tosakanikirana ndi gaga wosalala kwambiri. Mukataya madzi a pamwamba, palani matopewo ndi kathabwa, mutsukuluze pamwamba pake ndi madzi ochepa mpaka poyera paoneke. Antchito akatopa amadumpha ntchito imeneyi, kapena amaiona ngati kutaya katundu, ndipo ndi yomwe imasiyanitsa thumba la Lachiwiri ndi la Lachisanu. Kuti ayeretsetse, sungunulaninso sitachi m'madzi oyera adikhe kachiwiri.

Amene akutenga sitachi ku mbatata vuto lawo la mtundu ndi lalikulu kuposa apa. Mbatata ikagayidwa imada mofulumira ikakumana ndi mpweya, ndipo utomoni wake umamata paliponse. Phala lake ligwere m'madzi nthawi yomweyo, ndipo opanga ambiri amathiramo madzi a laimu pang'ono kuti sitachi alekane bwino ndi zotsalira.

Fungo losasa ndi guluu wamadzimadzi

Ili ndilo vuto limene limathetsa malonda, chifukwa m'maso silioneka. Sitachi akhoza kuyera bwino koma akafika m'thanki ya guluu n'kukana kulimba. Chimachitika n'chakuti madzi oyera ngati mkaka otuluka posefa, akakhalitsa m'thanki, amayamba kuwira okha. Tizilombo timadya shuga wa m'madzimo n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo pamodzi ndi timadzi ta tizilomboto amadula sitachi kukhala tizidutswa tifupitifupi. Sitachi woduka sangapange phala lokoka. M'nyengo yotentha zimenezi zimayamba mwachangu, moti thanki yosiyidwa Loweruka kuti ifukulidwe Lolemba ndi katundu wotayika kale.

Gulani timapepala toyezera asidi. Sungunulani sitachi pang'ono m'madzi oyera, muviikemo kapepala. Wabwino amaonetsa pH (muyezo wa asidi) ya pakati pa 5 ndi 7. Akatsika kufika cha pa 4, anawira. Kuyesa kwina kumene ndimakudalira kwambiri ndi kophika. Sungani botolo la sitachi uja ogula anamukonda poyamba. Pa katundu aliyense watsopano, yezani muyezo wofanana wa sitachi ndi madzi m'timiphika tiwiri, kena ka wakale kena ka watsopano, muphike pa moto umodzi mukutakasa mofanana. Wabwino akapsa amaonekera mkati, ndipo mukakweza supuni amatsika ngati chingwe chosaduka. Wowira amangodontha. Kuyesaku sikudya theka la ola.

Pokonza, thanki ikhale yosazama kuti sitachi adikhe msanga, ndipo akangodikha tayani madzi a pamwamba osadikira kuti kuche. Kumene kuli malo, ngalande zazitali zotsetsereka pang'ono kwambiri zimaposa thanki: madzi amayenda pang'onopang'ono, sitachi amatsala pansi, zopepuka zimapitirira. Mathanki, nsalu ndi makina zitsukidwe tsiku lililonse, chifukwa phala la dzulo lotsalira m'ngodya ndilo limawiritsa la lero. Mizu yosenda ikamadikira makina ikhale m'madzi oyera kwa maola ochepa okha. Kuiviika usiku wonse n'kuyambitsa kale kuwira. Mafakitale akuluakulu amathira mankhwala otchedwa sodium metabisulphite kuti aletse tizilombo ndi kuyeretsa. Mukafuna kutsata njira imeneyi, yambani mwafunsa wogula ngati amalola, ndipo malo akhale opita mphepo chifukwa mpweya wake umatsamwitsa.

Zibuluma, mchenga ndi chuku

Tsopano tifike pa kuyanika. Sitachi wofukulidwa m'thanki amakhala pafupifupi theka madzi, ndipo ogula ambiri amafuna chinyezi chisapitirire magawo 13 pa 100. Mfinyeni kaye m'matumba ansalu, mumufumbutule ndi manja, mumuyale mopyapyala pa thandala lokwera loyalidwa pepala la pulasitiki. Choyalidwa mochindikala chimauma pamwamba pokha, pansi chikuwira. Tembenuzani pafupipafupi. Kukakhala kuti kulibe dzuwa lokwanira kuumitsa m'tsiku limodzi kapena awiri, chepetsani zogaya.

Mukapeza timibulu tolimba gwa, toonekera ngati galasi, tokana kusungunuka, ndiye kuti sitachi anapsa ali wonyowa. Wa chinangwa amayamba kusanduka phala pa kutentha kwa madigiri 60 mpaka 70 a Celsius. Oumitsa pa malata otenthetsa ndi moto wa nkhuni amagwa m'vutoli kawirikawiri. Makina a m'mafakitale amagwiritsa ntchito mpweya wotentha kuposa pamenepa, koma sitachi amakhala atafinyidwa kale ndipo amadutsamo kwa timasekondi chabe. Ngati choumitsira chanu n'chosunga katundu kwa maola, kutentha kuyambe kuli pansi pa madigiri 50.

Mchenga amaudana nawo kwambiri oluka nsalu ndi opanga mapepala, poti umadya makina. Sungunulani supuni zingapo m'tambula ya galasi, mutakase, muyang'ane pansi: mchenga umagwa nthawi yomweyo, sitachi akadali m'mwamba. Umalowa ndi mizu yosatsuka bwino kapena ndi fumbi la pabwalo loyanikira.

Za chinyezi, dzanja limathandiza. Wouma amalira mukamutikita pakati pa zala ndipo mukamufumbata n'kutambasula amamwazika. Koma wogula sadzamva za dzanja lanu. Yezani magalamu 100, muumitse mu uvuni pa madigiri 105 mpaka kulemera kusiye kutsika. Mukatsala ndi ochepera magalamu 87, katunduyo sanaume. Musamuike m'thumba akadali wofunda. Thumba likhale ndi pulasitiki mkati, lisanjidwe pa matabwa, lisagunde khoma. Sitachi amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo lole ikaima masiku pa chipata cha dziko mvula ikugwa, thumba wamba limafika litachita chuku ngakhale linachoka lili louma.

Sitachi akamatuluka wochepa

Nthawi zina katundu ndi wabwino koma masamu sakutuluka. Yambani ndi nyengo. Mvula yoyamba ikagwa chinangwa chimaphuka masamba atsopano pogwiritsa ntchito sitachi wa m'mizu, choncho mizu ya nthawi imeneyo imalemera madzi. Chaching'ono kwambiri sichinadzaze, ndipo chokhalitsa zaka m'munda chimachuluka mitsitsi. Musagule pongoyeza kulemera. Tsukani mizu ya makilogalamu 5, muiike m'dengu la waya, muiyeze ili yomira m'madzi: ikalemera kwambiri m'madzimo, sitachi ndi wochuluka. Mafakitale ambiri amalipira alimi potengera muyezo umenewu, ndipo ndimauona kuti ndi wachilungamo mbali zonse, chifukwa mlimi wosamala amalandira zoyenera khama lake.

Mizu ikakhala yabwino, onani gaga wotsala m'sefa. Mufinyeni m'madzi oyera. Madzi akayera ngati mkaka, ndiye kuti simukutsuka mokwanira. Akapanda kuyera, bwezani gagayo m'makina mumusefenso. Pakatuluka sitachi wambiri, mano a makina abuntha, akungodula mizu m'malo moinyenya.

Pamene cholakwa chili kwa wophika guluu

Si nthawi zonse pamene wolakwa ndi inu. Fakitale yozolowera sitachi wa chimanga ikangothira wa chinangwa pa miyezo yakale, zinthu zimasokonekera. Wa chinangwa amapsa msanga, amakoka kwambiri poyamba, koma akatakasidwa nthawi yaitali pa moto amafooka kuposa wa chimanga. Pa guluu wa makatoni, gawo laling'ono la sitachi limaphikidwa ndi mankhwala a caustic soda kuti linyamule gawo lalikulu losaphika, n'kuthiramo mankhwala ena otchedwa borax, ndipo losaphikalo limakapsera pa pepala lotentha m'makina n'kugwira pomwepo. Soda amatsitsa kutentha kumene sitachi amapsera. Muyezo wa soda woyenera chimanga ukhoza kupangitsa wa chinangwa kulimba akadali m'mipope. Pemphani kuti mukhalepo poyesa katundu wanu koyamba, achepetse soda pang'onopang'ono mpaka apeze poyenera, ndipo miyezoyo ilembedwe. Soda ameneyu amaotcha khungu ndi kuchititsa khungu m'maso, choncho magolovesi ndi magalasi asasowe.

Guluu wophika akagona masiku amasasa n'kusungunuka, kaya sitachi anali wabwino chotani. Thanki yosatsuka ku fakitale imachita zomwe zija imachita yanu.

Katundu wokanidwa, makoko ndi madzi otsala

Matumba obwezedwa musawasakanize ndi katundu watsopano pofuna kubisa. Mudzaononga onse awiri, ndipo wogula akazindikira sadzabweranso. Agulitseni kumene mtundu ulibe ntchito. Oumba makala kuchokera ku fumbi la makala ndi zinyalala za m'munda amafuna phala la chinangwa lomatira, kawirikawiri magawo 5 mpaka 10 pa 100, ndipo kutuwa sikuwakhudza. Otcheza ethanol wa m'galimoto ndi wophikira amaphwanya sitachi kukhala shuga, choncho wowira pang'ono amamulandira, bola asakhale ndi mchenga. Opanga mapulayi, amene amathira ufa mu guluu wawo wa urea kuti achuluke, nthawi zambiri amakhutira ndi ufa wosalala wa chinangwa, osafuna sitachi woyengeka. Ngati malo anu alibe madzi okwanira kapena magetsi odalirika, msika wa ufa woterewu ndi wa makaka ouma bwino ukhoza kukuyenerani kuposa kulimbana ndi sitachi. Dziko la Laos limatumiza chinangwa chouma chambiri kwa oyandikana nalo, ndipo kuyambira mu December 2021 lili ndi njanji yolilumikiza ndi China.

Makoko ndi gaga ndi chakudya cha ziweto, koma osati zili zaziwisi. Zinyenyeni, muzifinye, muziyanike mpaka ziume, poti cyanide amauluka ndi kutentha. Zochita chuku zisapite ku khola. Malo ogayira chinangwa chowawa akhale otseguka, ndipo wantchito akayamba kumva mutu kapena chizungulire atuluke msanga kukapuma panja.

Madzi otayidwa m'mathanki ndi amene amatseketsa malo ambiri. Ali ndi cyanide komanso zowola zochuluka zimene zimamaliza mpweya wa m'madzi, moti akalowa mumtsinje nsomba zimafa, ndipo fungo lake limakudanitsani ndi mudzi wonse. Kumbani maiwe awiri kapena atatu otsatizana, kutali ndi zitsime, otchingidwa kuti ana ndi ziweto asafikeko. Madzi apume m'dziwe loyamba, asefukire m'lachiwiri, ndipo a m'dziwe lomaliza okha ndiwo apite ku munda. Amene angakwanitse kuvundikira dziwe loyamba ndi pulasitiki yolimba amakolola gasi woyaka, amene angatenthetse choumitsira m'miyezi ya mvula pamene dzuwa silidalirika.